Mafupa akatsekereza mpweya, tisachedwe kutengera agogo kuchipatala

Mawu a mneneri wa khonsolo pa msonkhano wa chitukuko cha m'wodi



Chitukuko chimene takambirana lero chimafuna anthu athanzi, ndipo pakati pawo pali okalamba athu. Ndiloleni ndikambe za nthenda imodzi ya mafupa imene ingafike mpaka potsekereza mpweya.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Masiku onse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Ntchitoyi ikasokonekera, fupa limakula mopitirira koma lili lofooka, ndipo limapindika kapena kuthyoka msanga. Nthendayi imatchedwa Paget, potsata dzina la Sir James Paget, dokotala wa ku England amene adaifotokoza mu 1877. Imagwira makamaka anthu opitirira zaka 50, m'chiuno, msana, chigaza ndi miyendo. Ndi yofala ku Britain. Kuno ku Africa imaoneka patalipatali, n'chifukwa chake n'kosavuta kuiphonya.

Odwala ambiri samva kanthu, ena amangomva kuphwanya kwa mafupa. Koma ikagwira chigaza, mutu umakula, chipewa chimayamba kuthina, makutu amagontha. Mwa ochepa kwambiri, fupa la kunkhope limatupa n'kupanikiza njira ya m'mphuno. Mwa ena, tsinde la chigaza limafewa n'kutsamira ubongo ndi mitsempha yoyendetsa kumeza ndi kupuma. Pamenepo munthu amasasa mawu, amatsamwa akamadya, kapena mpweya umadukiza ali m'tulo. Msana ukapindika kwambiri, mapapo nawo amasowa malo otambasukira.

Ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, agogo akasintha maonekedwe a mutu kapena msana n'kuyamba kubanika, musati ndi ukalamba chabe, ndipo wina asawanene kuti ndi mfiti. Pitani nawo kuchipatala. Chifuwa chachikulu nachonso chimapinditsa msana ndi kubanikitsa, ndipo ndicho chofala kwathu kuno. Wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala, pojambula mafupa ndi kuyeza magazi. Akabanika mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche.

Chachiwiri, akakutumizani ku chipatala cha boma kapena ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba kapena Mzuzu, musabwerere panjira. Alipo mankhwala, monga zoledronic acid, amene amaweruza nthendayi ndi kuchepetsa ululu, ngakhale sawongola fupa lopindika kale.

Chachitatu, amene adapezeka nayo auze madokotala asanachitidwe opaleshoni iliyonse. Khosi louma ndi chibwano chokula zimavutitsa kulowetsa chubu chopumira pomugoneka munthu, choncho ayenera kukonzekera pasadakhale.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko, kafikitseni uthengawu m'midzi, ndipo banja likasowa thiransipoti, tithandizane. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiwasamale akadali nafe.