Chithunzi Chimene Chiuza Dotolo za Chotupa cha M'chiberekero

(Mau awa analankhula ndi dotolo wa nthenda za amai pa msonkhano wa aphunzitsi ndi akuluakulu a m'midzi.)

Amai ndi abambo, ndi inu aphunzitsi, lero ndifuna kukamba nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi. Amai ambiri ali ndi zotupa m'chiberekero. Zochuluka ndi zija madotolo amati fibroid. Zimabvutitsa, inde, koma si khansa ai. Koma chiripo china chosaonekaoneka, dzina lache leiomyosarcoma, ndiyo khansa yomera m'mnofu wa chiberekero. Pozikhudza ndi manja, ngakhale poziona ndi sikani ija ya amai apakati, ziwirizi zifanana ngati mapasa.

Tsono alipo makina, dzina lao MRI. Sagwira nchito ndi X-ray. Ndi maginito wamkulu amene munthu amagona m'kati mwache. Oyamba m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Pa chithunzi cha makinawa fibroid kawirikawiri imaoneka yakuda, yobulungira, m'mbali mwache mosalala ngati dzira. Khansa iyi siitero. Imakhala yaikulu, m'mbali mwache muli mabampu osalongosoka, ndipo m'kati ndi mawangamawanga: pena poyera chifukwa mwazi unatayikira momwemo, pena pamene mnofu unafa. Dotolo akabaya mankhwala mu mtsempha, mnofu wamoyo umawala, koma pakati pakufapo pamatsala mdima.

Wina afunsa, kudziwa zimenezi kuthandizanji? Fibroid angathe kuichotsa yokha nasiya chiberekero. Koma khansayi ayenera kuichotsa yathunthu pamodzi ndi chiberekero, osaiduladula, pakuti tizidutswa tache timafesa nthenda m'mimba monse. Mu 2014 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala linachenjeza madotolo za makina oduladula zotupa pa chifukwa chomwechi. Ndisakunamizeni, chithunzi sichitsiriza mlandu. Fibroid imene yayamba kuonongeka m'kati ingathe kusokoneza ngakhale dotolo wozolowera, ndipo wotsimikiza ndi uja amayang'ana mnofuwo pa maikulosikopu.

Gwirani ichi pobwerera kumudzi. Fibroid imaleka kukula mai akasiya kusamba. Chomwecho mai wosiya kusamba akaona mimba irikukula, kapena mwazi wabweranso, asanene kuti ayambe wakolola chimanga. Inu abambo, apatseni ndalama ya basi, apite ku chipatala mlungu womwewo.