Belu ndi Mkono Wokwezedwa

Mawu amene mnzathu wogwira ntchito m'boma analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka

Munandipempha kuti ndinenepo za ntchito yanga. Ndasankha kanthu kakang'ono kamene kanandigoneka ku ofesi masiku awiri.

Pulogalamu imene imayendetsa zonse mu kompyuta timaitcha kernel. Iyo siyendera zipangizo kumafunsa kuti, "Kodi pali kanthu?" Chipangizocho ndicho chimaitana kudzera pa waya wake, ndipo kuitana kumeneku ndiye interrupt. Pa IBM PC ya 1981 kuitana kwa wotchi kunali nambala 0, kwa kiyibodi nambala 1.

Tsono kuitana kuli pawiri. Mukukumbukira belu la m'mawa? Linkalira kamodzi, ndipo amene sanamve, zake zinkada. Kumeneko ndiye edge: kuitana kumamveka pa nthawi yokhayo imene magetsi a pa waya akukwera kapena kutsika. Kwinako ndi level, monga mwana wokweza mkono m'kalasi, amene sautsitsa kufikira aphunzitsi atamuyankha. Makadi akale a ISA ankaliza belu, nchifukwa chake awiri akapatsidwa nambala imodzi ankasokonezana. PCI, imene inabwera mu 1992, inasankha mkono, kuti makadi angapo athe kugawana waya umodzi.

Mu Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, driver amapempha waya ndi request_irq, ndipo akhoza kunena mtundu wa kuitana, monga IRQF_TRIGGER_RISING kapena IRQF_TRIGGER_LOW. Koma pa timakina ta ARM zimenezi kawirikawiri zimalembedwa mu device tree, ndipo pa PC zimachokera m'matebulo a ACPI.

Kamakina kathu ka ARM kankagwira bwino maola angapo, kenako n'kungoti zii. Tinasintha mawaya, tinakayikira magetsi, mpaka mnyamata wosalakwa anakalipidwa. Nditayang'ana mu /proc/interrupts ndinaona kuti nambala yowerenga kuitana yaima. Chipangizocho chinali cha level, koma mu device tree munalembedwa edge. Uthenga wachiwiri ukafika driver asanamalize woyamba, waya sunkatsika. Popanda kutsika palibe kukweranso, ndiye kuti belu silinalire. Mwana ali chikwezere mkono, aphunzitsi akudikira belu, onse chete. Ndinachotsa IRQ_TYPE_EDGE_RISING n'kulemba IRQ_TYPE_LEVEL_HIGH, vuto n'kutha. Masiku awiri chifukwa cha mzere umodzi!

Level nayo ili ndi msampha wake. Driver akapanda kuuza chipangizo kuti chitsitse mkono, kuitana kumabwerera mosalekeza ndipo purosesa sichitanso china. Linux imadziteteza pang'ono: pa kuitana 100,000, ngati kopitirira 99,900 palibe driver wovomera kuti nkwake, imalemba kuti "nobody cared", kutanthauza kuti palibe anasamala, n'kutseka wayayo. Ena a ife mawu amenewa timawadziwa kuchokera ku mafayilo a m'maofesi.

Kwa achinyamata amene mwayamba kulemba ma driver, ine maganizo anga ndi akuti musakhomerere mtundu wa kuitana mkati mwa driver. Chipangizo chomwecho pa makina ena chikhoza kulumikizidwa mwa njira ina, magetsi ake n'kutembenuzidwa. Usiyeni mu device tree, ndipo musanalembe werengani pepala la opanga chipangizocho.

Bambo Wapampando akundilozera wotchi. Mafunso ndiyankha pa nthawi ya tiyi.