CHISANU SICHIMANGA MUNTHU MIYENDO

Nkhani yathu ya lero ichokera mumzinda wa Lilongwe, koma tikhulupirira kuti ikhudza aliyense amene ali ndi ana pakhomo.

Miyezi ya Juni ndi Julaye ndiyo nthaŵi imene dzuŵa limapendekera kumpoto, ndipo usana umafupika. Popeza Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Mukayenda mbandakucha ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, muona utsi uli tolotolo m'makomo, amai atafunda zitenje ziŵiriziŵiri, ana asukulu manja ali m'khwapa. Koma likangokwera dzuŵa kunja kumafunda bwino, mvula kulibe, matope adauma, ndipo udzudzu wachepa. Pachaka chonse palibe nyengo ina yokoma kuyenda ndi kuseŵera panja yoposa imeneyi.

Chodandaulitsa nchakuti ambiri a ife tikamva chisanu timathaŵira m'nyumba, nkutseka zitseko ndi mazenera, mbaula ili pakati. Tsono apa mpamene pagona ngozi. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka tulo, ndipo ena sadzukanso. Chimfine ndi chifuwa nazonso zimafala msanga pamene anthu athithikana m'chipinda chosapita mphepo. Motero mwana amene wasungidwa m'nyumba tsiku lonse poopa kuzizira sanapulumuke konse ayi. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse amalangiza kuti mwana azithamangathamanga kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu.

Makolo athu sadaŵerenge malangizo otere, koma nzeru yake adali nayo. Kumudzi anthu akatha kukolola, ntchito ikachepa, mpamene bwalo linkadzaza. Anyamata ankamenya nguli ndi kusaka mbeŵa m'minda, atsikana ankaseŵera phada ndi fulaye, akuluakulu ali pa bawo akuothera dzuŵa. Gule wamkulu nayenso amachuluka m'nyengo yomweyi ya chilimwe dzinthu zili m'nkhokwe. Mudzi uliwonse unali ndi bwalo lake, ndipo panalibe munthu amene akadayerekeza kulimapo kapena kumangapo nyumba.

Nanga m'tauni bwalo lathu lili kuti? Boma lidasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Pa kalembera wa 1977 mumzindawu munali anthu pafupifupi 99,000, koma pa kalembera wa 2018 adapezeka kuti afika pafupifupi 990,000. Anthu adachuluka kakhumi, pamene nthaka ndi yomwe ija. Ku Mgona ndi ku Chinsapo nyumba zidagundana kotero kuti ana ambiri amaseŵerera mumseu, mpira wawo wamapepala ukugubuduka pakati pa njinga ndi magalimoto. Ameneŵa ndiwo ana amene nkhani ino ikuŵadera nkhaŵa.

Komabe malo opumirako mphepo alipo, ndipo ena ali pafupi kuposa m'mene tiganizira. Pakati pa tauni yakale ndi City Centre pali nkhalango yosungidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre. Kumeneko kuli tinjira toyenda pansi pa mitengo yachilengedwe, ndipo mwana wobadwira m'tauni angathe kuona apusi, agwape ndi mbalame zamitundumitundu ndi maso ake. Poloŵa pamakhala kulipira, choncho nkwabwino kufunsiratu mtengo. Kufupi ndi City Centre kulinso munda wa boma wosungirako mitengo ndi maluŵa, woyenera banja lofuna kuyala mkeka ndi kudya kamba wake mwakachetechete. A ku Kawale ali ndi bwalo la Masintha. Okonda kuonera mpira ali ndi bwalo la Civo ndi la Bingu, limene lidatsekulidwa m'chaka cha 2017. Amene ali ndi miyendo yolimba angakwere phiri la Bunda kapena la Nkhoma, pakuti nyengo ino miyala siterera.

Amene alibe ndalama yokwerera minibasi asataye mtima. Bwalo la sukulu kapena la tchalitchi la m'dera lanu ndilokwanira, mukapempha chilolezo kwa eni ake. Loŵeruka masana makolo angapo angathe kugwirizana, wina nkubweretsa mpira, wina chingwe chodumpha, wina mbatata yootcha, nzimbe kapena manachesi, popeza ino ndiyo nyengo yake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Potuluka tikumbukire zinthu zingapo. Nthaŵi yabwino ndi kuyambira 10 koloko m'maŵa mpaka 4 koloko madzulo, chifukwa dzuŵa likangopendeka chisanu chimabwerera msanga, ndipo mwana wotuluka thukuta ayenera kuvala juzi pomwepo. Titenge madzi akumwa, pakuti mphepo youma imamwetsa ludzu ngakhale kusakutentha. Ana asaseŵere m'mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, ngakhale madzi aoneke ochepa. Tisayatse moto pa udzu wouma, pakuti kamoto ka msaki wa mbeŵa kamatha nkhalango yonse. Ndipo pa zikondwerero zodzaza anthu tiŵagwire ana padzanja. Sitinaiŵale za pa 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pa chipata cha bwalo la Bingu.

Mau otsiriza apite kwa mafumu a m'matauni, makhansala ndi makomiti a sukulu. Bwalo limene lagaŵidwa kukhala mapuloti silibweranso. Nyumba imodzi imasunga banja limodzi, koma bwalo limodzi limalera ana a dera lonse. Ngati m'dera lanu mwatsala kamalo kopanda nyumba, kasungeni, dzalanimo mitengo m'mbali mvula ikadzagwa, ndipo muletse anthu kutayapo zinyalala.

Tsono amai ndi abambo, Loŵeruka likudzali zimitsani mbaula, tsekulani mazenera, tengani ana mukaothe dzuŵa limodzi. Mukabwerako tilembereni kalata, mutiuze malo amene ana amaseŵerako kwanuko ndi m'mene mukuŵasamalira. Mpaka mlungu wamaŵa nthaŵi ngati yomweyino, tsalani bwino.