KUUNIKA MWANA ALI M'MIMBA

Mau amene mzamba wa Boma analankhula kwa anthu pa Chinakanaka, m'boma la Mulanje

 Ndifuna kukamba za makina ounikira mwana amene ali m'mimba, amene ambiri a inu muwachula kuti sikani.

Makinawa sali a X-ray ai, ndipo satentha mwana. Atumiza kaphokoso kosamveka ndi makutu a munthu, ndipo pobwerera kaphokosoko kajambula cithunzi pa galasi. Dokotala wa ku Glasgow, dzina lace Ian Donald, pamodzi ndi anzace, ndiwo anaonetsa nchito imeneyi m'caka ca 1958.

Ambiri pogona pa bedi afunsa cinthu cimodzi cokha: kodi ndi mwamuna kapena mkazi? Ife sitiunikira cimeneco. Tiyesa mutu wa mwana, mimba yace, ndi pfupa la nchafu, ndipo pa miyeso imeneyi makina awerengera kulemera kwace.

Tsono mvetsani apa. Mukaona cimanga cofika m'maondo, kodi munganene kuti cakula bwino? Simungathe mukapanda kudziwa tsiku limene cinabzalidwa. Ca masabata asanu ciri bwino. Ca miyezi itatu capinimbira. Mwana ali cimodzimodzi. Mai akabwera koyamba ali ndi miyezi 8, ife nkuona kamwana kakang'ono, tidziwa bwanji ngati kapinimbira kapena masiku ace ngocepa cabe? Pa miyezi yoyamba ana onse akula pafupifupi mofanana, ndiye nthawi imene makina anena msinkhu molondola. Ncifukwa cace bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza mu 2016 kuti mai aliyense aunikidwe kamodzi asanakwanitse masabata 24, ndi kuti aonane ndi azamba kasanu ndi katatu.

Ndidziwa kuti kwathu kuno pakati sitilengeza msanga, poopa anthu oipa mtima. Bisirani a pamsika, palibe kanthu, koma mzamba musambisire. Iye sasimba za anthu.

Pali amai ena amene kuunika kamodzi sikuwakwanira: a nthenda yothamanga magazi, a shuga, oyembekezera mapasa, amene anadwala malungo ali ndi pakati, ndi amene kale anabala mwana wakufa kapena wosakwana makilogalamu 2.5. Oterewa tiwauza kuti abwerenso, popeza cithunzi cimodzi cinena msinkhu wa lero lokha. Pafunika papite masabata awiri kapena kuposerapo kuti tione ngati mwana waonjezera. Ena akauzidwa zobweranso ayesa kuti makina analephera ulendo woyamba, ndipo sabwerera. Ameneyo ndiye mwana amene atidetsa nkhawa koposa.

Kawirikawiri bvuto likhala pa nsengwa imene idyetsa mwana kupyolera mu mcombo. Tizirombo ta malungo tikonda kuunjikana m'menemo, ngakhale mai asamve kutentha thupi. Ndico cifukwa tikupatsani Fansidar ku sikelo ndi kukuuzani kugona m'masikito. Nsengwa ikafooka mutu wa mwana upitirira kukula, koma mimba yace itsalira, ndipo madzi omzinga acepa. Tikaona zotere tikonzeratu: mai akabereke pa cipatala cacikuru, ca pa Boma kapena ca Mishoni ya Mulanje, mwina ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo nthawi zina madokotala ambadwitsa mwanayo masiku asanakwane.

Kumene kulibe makina, mzamba ayesa mimba ndi tepi nalemba m'kabuku. Tepi ikaonetsa kucepa, iye akutumizani kokaunikidwa.

Inu apongozi ndi anankungwi, lekani kumana mai cakudya poti mwana angakule nkubvuta pobadwa. Ndipo inu abambo, tsiku lobweranso lilembedwa m'kabuku ka sikelo. Tsegulani muwerenge, ndalama ya kabaza muisungiretu.