Kusankha Mabuku Oŵerenga Pamodzi ndi Ana Aang'ono

 Lero ndifuna tikambirane za mabuku amene tingaŵerenge pamodzi ndi ana a Sitandade 1, 2 ndi 3 kunyumba, ndiponso za m'mene tingaŵasankhire.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ambirife sitichiganizira. Khutu la mwana limatsogola, diso limadza pambuyo. Mwana wa zaka 7 angathe kumvetsera nthano yaitali ya Kalulu ndi Fisi, nkuisunga yonse m'mutu, m'maŵa mwake nkukaisimba kwa anzake osasiyako ngakhale nyimbo yake. Koma mwana yemweyo mukampatsa tsamba lolembedwa, amayamba kulumikiza maphatikizo limodzilimodzi, ndipo akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiŵala kale chiyambi chake. Chifukwa cha ichi, buku limodzi silingagwire ntchito zonse ziŵiri. Pakhomo pafunika mabuku amitundu iŵiri: lina loti mwana aŵerenge yekha inu mukumvetsera, lina loti muŵerenge ndinu iye akumvetsera.

Buku loti mwana aŵerenge yekha likhale la zilembo zazikulu, ziganizo zazifupi, ndi mau obwerezabwereza. Akuluakulu amene adaphunzira ndi buku la Sosa akukumbukira m'mene maphatikizo ankabwerera mpaka kukhazikika m'mutu. Kuliyesa kwake nkosavuta. Mpatseni mwana tsamba limodzi; ngati akupunthwa pafupifupi pa mzere uliwonse, bukulo lisungeni kufikira chaka chamaŵa. Kumkakamiza kungomdanitsa ndi mabuku onse.

Pa buku lachiŵiri mpamene ndifuna kukhalitsa, chifukwa ndilo limene makomo ambiri alibe. Buku limeneli lisakhale lophweka kwambiri. Likhale ndi nkhani yeniyeni, yokhala ndi munthu kapena nyama imene ili pa vuto, kotero kuti mwana azifunsa kuti, “Nanga kenaka zidatani?” Musaope mau achilendo aŵiri kapena atatu pa tsamba. Mwana akamva “nkhokwe” kapena “mnjale” m'kati mwa nkhani yokoma, amafunsa tanthauzo lake, ndipo mau oterowo saŵaiŵala msanga. Ana ambiri a m'tauni sadaonepo chikwatu cha mtedza, ndipo malo ena okumana nacho alibe kupatula m'nkhani.

Musanagule kapena kubwereka buku lotere, liŵerengeni mokweza tsamba limodzi pomwepo, ngakhale anthu akuyang'anitsitseni. Ngati lilime lanu likukodwa, kapena mwayamba kuyasamula, mwananso adzayasamula. Mabuku ena olembedwera ana ndi ulaliki chabe wovekedwa zithunzi: mwana wabwino asamba, mwana woipa sasamba, nkhani yathera pomwepo. Ana amazindikira msanga kuti akulangizidwa, ndipo saŵapempha kaŵiri mabuku otero. Agogo athu ankalangiza ndithu kudzera m'nthano, komatu ankayamba atiseketsa kapena kutichititsa mantha pang'ono.

Pamenepa tisaiŵale alembi athu akale. John Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya mbalame imene nyimbo yake idaulula mlandu wa munthu wopha mbale wake. Mwana wa Sitandade 2 sangaliŵerenge yekha bukuli, koma angalimvetsere pakamwa pali yasaa mukamamuŵerengera pang'onopang'ono, masamba aŵiri kapena atatu tsiku lililonse. Kungoti muyambe mwaliŵerenga nokha, popeza muli imfa m'menemo, ndipo ndinu amene mukudziŵa mtima wa mwana wanu. Nzeru za Kale, buku la miyambi la Stevenson Kumakanga, nalonso ndi lothandiza ngati mutengamo mwambi umodzi, inu nkuupezera kankhani kake.

Kunena za zithunzi, ena amayesa kuti ndi zokongoletsa chabe. Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atalekeza sukulu chifukwa chosoŵa ndalama, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka m'dera lakwao, kumene adapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi cha m'mabuku a sayansi chinkamuvuta, koma zithunzi zidamtsogolera kufikira adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Choncho posankha buku, yang'anani ngati zithunzi zake zili ndi zoti mwana angaloze ndi chala nkufunsapo.

Nanga mabuku a Chingerezi? Alipo ambiri kuposa a Chicheŵa, ndipo ena amafika ngati mphatso kuchokera kumaiko akutali, ali ndi nkhani za chipale chofeŵa ndi nyama zimene kuno kulibe. Sindinena kuti tiŵataye, iyai. Mwana ayenera kudziŵa kuti dziko ndi lalikulu. Koma maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi chiyankhulo chimene mwana amalota nacho. Buku la Chingerezi likabwera, simbani nkhani yake m'Chicheŵa potsata zithunzi, mau a Chingereziwo adzaloŵa pambuyo.

Ndikudziŵa kuti wina akuti m'thumba mulibe kanthu. Bungwe la National Library Service lili ndi malaibulale ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Pitaniko ndi mwanayo, ndipo mumlole asankhe buku limodzi yekha, ngakhale likhale losakukondweretsani inu. Mabanja anai oyandikana akagula buku limodzilimodzi namasinthana, mwana aliyense waŵerenga mabuku anai.

Ndidaonapo bambo wina atagulira mwana wake buku lokongola, koma madzulo aliwonse ankamuimika ngati pa mayeso, kumfunsa mafunso ndi kumkalipira akalakwa. Pasanathe sabata mwanayo adalibisa bukulo kuseri kwa thumba la chimanga. Inu musatero. Khalani naye pamphasa kusanade, buku lili pakati panu, mphindi 15 zokha. Sinthani mau pofika pa Fisi, imbani pofika pa nyimbo, ndipo akapempha kuti mubwereze nkhani yomwe ija ya dzulo ndi dzana, ibwerezeni. Tsiku lina mudzadumpha chiganizo dala, ndipo mudzamva iye akukukonzani, chala chake chili pa mzere umene mwasiyawo.