ZOZUNA ZA M'DZANJA LA MLONGO

Kum'mawa kwa dziko la India kuli cigawo cochedwa Bengal, kumene mtsinje waukuru wa Ganges umathira m'nyanja. Kuyambira caka ca 1947 cigawoco ncogawika pawiri. Mbali ya kumadzulo inatsala m'India, ndipo mzinda wace waukuru ndiwo Kolkata, umene kale unkachedwa Calcutta. Mbali ya kum'mawa ndiyo inasanduka dziko la Bangladesh m'caka ca 1971. Kumeneko nkutali ndithu, ndipo munthu wa ku Kitwe kapena wa ku Matero angafunse kuti za kumeneko zimkhudza bwanji. Koma Ahindu a ku Bengal ali ndi tsiku limodzi pa caka limene mwana wa ku Malambo, wobadwira kwa Jumbe kapena kwa Mnkhanya, angalimvetse popanda womasulira. Ndilo tsiku la mwamuna ndi mlongo wace, ndipo amalicha Bhai Phonta.

Tsikuli limagwa m'mwezi wao wa Kartik, kumapeto kwa Okutobala kapena m'Novembala, posacedwa citapita cikondwerero ca nyali ca Diwali. Mkazi amalawira kusamba, ndipo sadya kanthu kufikira mwambo utatha. Amayala kamphasa nakhazikapo mlongo wace. Ndipo amabviika kacala kakang'ono ka dzanja lamanzere m'phala la mtengo wonunkhira wa chandan, nadinda kadontho pa mphumi pa mlongoyo, alikunena mau akale ompemphera moyo wautali. Kadonthoko ndiko phonta, ndipo bhai ndiye mlongo wamwamuna. Akazi ena amaomba cigoba ca nkhono ya m'nyanja, ena naluluta, pakuti akazi a ku Bengal amaluluta nthungululu monga amacitira amai a kuno pa ukwati. Wamkuru mwa awiriwo amaika pamutu pa wamng'ono timbeu ta mpunga wosakonola ndi timasamba ta kapinga, udzu womwewo umene alimi a kuno amalimbana nao m'madimba. Wamng'ono amawerama nakhudza mapazi a wamkuru. Zitatha izi, mkazi amatenga cozuna m'mbale namdyetsa mlongo wace ndi dzanja lace.

Phwando lenileni limadza masana: timikate topyapyala tokazinga m'mafuta tochedwa luchi, mpunga, nsomba ndi nyama ya mbuzi. Mlongo wamwamuna nayenso safika cimanjamanja, amabwera ndi nsaru kapena ndalama. Komabe cimene anthu amayamba kuyang'ana ndi mbale ya zozuna, ndipo mkazi amene mbale yace yacepa amamva manyazi ngakhale nsomba ikhale yonona cotani.

Zozuna zambiri za ku Bengal nza mkaka wa ng'ombe. Amawiritsa mkaka, nathiramo madzi owawasa monga a mandimu kuti ugwirane, nausefa pa nsaru. Cotsala pa nsaruco ndico chhana, coyera ndi cofewa. Akacikanda ndi shuga, naciphika pang'ono pa moto wozizira, cimakhala sandesh, ndipo amacidinda m'zikombole za mtengo kuti cioneke ngati nsomba, cipatso kapena nkhono. Pa nyengo iyi ogulitsa amadindapo ndi dzina la tsikulo. Akaciumba timipira natiwiritsa m'madzi a shuga, cimakhala rosogolla, cimene cimamwa madziwo monga thonje. Palinso khaja, ca ufa wa tirigu wopindapinda ndi wokazinga, cimene cimafunidwa kwambiri pa tsiku limeneli. Pali mishti doi, cambiko cozuna ca m'timiphika ta dothi. Ndi payesh, mpunga wophikidwa mu mkaka ndi shuga.

Nchito yopanga zimenezi ili ndi eni ace, ochedwa moira, ndipo ena a iwo mbiri yao njakale. Anthu a ku Kolkata amati amene anayamba rosogolla wa mtundu wao ndi Nobin Chandra Das wa ku Bagbazar, m'caka ca 1868. Anansi ao a ku Odisha amakana, namati cakudyaci cinali kwao kale, ku kacisi wa ku Puri. Mkangano unafika ku boma, limene linabvomereza dzina la rosogolla wa ku Bengal mu 2017, ndi la wa ku Odisha mu 2019, kotero kuti aliyense anapita kwao ndi cikalata cace. Kunalinso mlandu wina woposa uwu. Mu 1965 mkaka unacepa mu Calcutta, ndipo boma la Prafulla Chandra Sen linaletsa kupanga zozuna za chhana mumzindamo kuti ana apeze mkaka wakumwa. Colinga cinali cabwino, koma anthu anakwiya, ndipo opanga zozuna anakasuma ku bwalo lalikuru la milandu.

Nanga cifukwa nciani cozunaco ciyenera kucokera m'dzanja la mlongo? Ahindu ali ndi nthano ya Yama, mfumu ya imfa, amene anakhala nthawi yaitali osakaona mlongo wace Yamuna. Pamene anapita, Yamuna anamlandira ndi kadontho pa mphumi ndi cakudya cabwino. Yama anakondwa, nalonjeza kuti mwamuna wakudya kwa mlongo wace pa tsikulo sadzaopa imfa yadzidzidzi. Nthanoyo ili ndi nzeru ya pansi pano. Ku Bengal mkazi akakwatiwa amapita ku citengwa, nthawi zina kutali, pakati pa anthu amene si ace. Mwambowu umakakamiza mlongo wace kukwera sitima kamodzi pa caka, kukalowa m'nyumba ya mlamu, kukhala pansi ndi kudya. Pakudyapo maso ace amaona zambiri: ngati mlongo waonda, ngati ana abvala, ngati mlamu amalankhula naye mwaulemu. Apongozi naonso amaona kuti mkaziyu ali ndi mwini.

Mau akuti mwini si acilendo ku cigwa ca Luangwa. Akunda a m'boma la Mambwe, a kwa Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, amawerenga mtundu kutsata kwa amai, monga Acewa ndi Ansenga. Alongo a mwamuna pamodzi ndi ana ao ndiwo mbumba yace, ndipo iye ndiye mwini mbumba. Mwana akadwala amakauza malume. Ukwati ukabvuta, malume ndiye amakhala pa mlandu. Kusiyana kwace nkwakuti kuno mkazi ndiye anali kutsala m'mudzi wa amai ace, ndipo mwamuna ndiye anali kucoka, poyamba kunka ku cikamwini, pambuyo pace ku Harare, ku Luanshya ndi ku Mufulira. Njira nzosiyana, koma mathero ndi amodzi: mlongo kuno, mlongo uko.

Za mkaka cigwaci sicinazidziwe, pakuti kashembe sanalole ng'ombe kuswana m'menemo. Zozuna zace zinali uci wofulidwa m'mphako za mitengo, misale ya m'munda wa mapira, nzimbe za ku dimba, masau, phala la malambe, ndi thobwa. Mwamuna wa ku migodi pobwera ku chuti anali kunyamula nsaru, sopo ndi shuga, ndipo pogawa katunduyo phukusi la mlongo silinali kuiwalika; amene analiiwala, mbiri yace inali kumveka pa mtondo. Mlongo naye anali kunyika cimera atangomva kuti kalata yafika. Panalibe tsiku loikika monga ku Bengal, ndipo silinafunike, cifukwa cuma ndi dzina la mwamuna zinali kudzagwera ana a mlongoyo, ndipo cingwe cimeneci cinali cokwanira kumkokera kwao.

Cingweco cinaphwetera mu 1989, pamene Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo. Pa magawo 100 alionse, ana amatenga 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene womwalirayo anali kuwasunga 10. Lamuloli nlolungama, ndipo aliyense amene anaonapo mkazi wamasiye ku komboni atalandidwa ndi mbale zomwe sangalitsutse. Silikhudza minda ya makolo kapena ufumu. Koma nzoona kuti mwamuna wa ku tauni tsopano amayang'ana nyumba yace, ndi mlongo wa ku Malambo watsala wa pa foni. Ndalama zimamfika m'kamphindi, ndipo zimathandiza: zimalipira sukulu, zimagula cimanga caka cimene njobvu zadya m'munda. Cimene sizicita ndico kuona denga likudontha, kapena kumva mau amene mkazi sanganene pa foni mwamuna wace ali pambali.

Abengali a masiku ano nao abalalika, ena ali ku London, ena ku Dubai, ndipo alipo amene amangoonana pa foni pa tsiku la phonta. Koma ambiri okhoza kuyenda amayendabe, ndipo madzulo a tsiku lotsogolera mizere ya anthu imatalika pa masitolo a zozuna mu Kolkata. Sagula kukali masabata, cifukwa sandesh wofewa sakhalitsa. Pakapita masiku awiri kapena atatu amaonongeka. Thobwa nalonso liri cimodzimodzi, makamaka m'kutentha kwa cigwa m'mwezi wa Okutobala: lophikidwa Lacisanu, pofika Lolemba lasasa. Cimera cimafuna masiku angapo kuti cimere ndi kuuma, kotero mlongo ayenera kuuzidwa tsiku kukali nthawi. Basi yocoka ku Lusaka m'mamawa, yodzera ku Chipata, imafika ku Mfuwe tsiku lomwelo.