Za Miyala Yochitira Umboni, ndi za Linga la Yeriko

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi anzanga: mnyamata wina wa pano pa Kawale anandifunsa m'kalasi ya ubatizo, nati, Kodi Davide anakhalakodi, kapena ndi nthano yonga ya Kalulu? Ndinamdzudzula, koma usiku tulo sitinandidzere, pakuti mwanayo sanalakwe.

Tsono mverani. M'chaka cha 1993 anthu okumba mabwinja ku Tel Dan anapeza mwala wosweka, umene inalembetsa mfumu ya Aaramu, mdani wa Israyeli, ndipo pamenepo patchulidwa nyumba ya Davide. Taonani, mboniyo ndi mdani! Momwemonso ku Kaisareya, mu 1961, anafukula mwala wa dzina la Pontiyo Pilato, kazembe wa Yudeya.

Koma za Yeriko sindidzakubisirani. Mayi Kathleen Kenyon anakumba komweko kuyambira 1952 kufikira 1958, naweruza kuti m'masiku oyesedwa a Yoswa mudziwo unalibe linga, popeza unapasuka kalekale. Ena amtsutsa, ndipo mlanduwo sunathe. Mwana akakufunsani za linga lija, musamuuze kuti mabwinja avomereza, pakuti adzadziwerengera yekha, nadzaleka kukumverani ngakhale pa za Davide.